Kodi Ndalama za Boma Zilibe Mwini?

 Ndilemba kucokera kuno kwa Kapichila, m'boma la Lundazi, kumene nditsogolera gulu la acinyamata pa mpingo wathu. Nkhani imene ndabwera nayo lero si ya cibwenzi kapena ya kwaya, ndipo ndidziwa kuti ena mwa inu mukangoona mau akuti bajeti mudzafuna kutsegula tsamba lina. Ndikupemphani kuti mundilezere mtima pang'ono, pakuti inenso ndinali kuthawa nkhani zotere kufikira caka cimene cimanga cathu cinapsa m'munda.

Mu 2023 gulu lathu linapempha munda kwa mkulu wina wa mpingo, ndipo anatibwereka lima imodzi. Colinga cathu cinali cakuti tikagulitsa cimanga tipeze ndalama za ulendo wa ku msonkhano wa acinyamata ndi za mayunifomu a kwaya. Aliyense anasonkha K50, ndipo amene analibe ndalama anabweretsa nkhuku. Tinagula mbeu ndi matumba awiri a fataleza, tinabzala mu Disembala, tinapalira tikuimba. Pofika kumapeto kwa Januwale mundawo unali biriwiri, kotero kuti anthu opita ku cigayo anali kuima ndi kufunsa kuti mwini wace ndani. Kunena zoona, tinayamba kunyada.

Kenaka mvula inadula. Sabata yoyamba sitinade nkhawa, cifukwa ng'amba ya masiku ocepa timaidziwa. Sabata yaciwiri masamba anayamba kupindika masana, nakhala ngati masamba a anyezi. Cimanga cinali citangotulutsa ngayaye, nthawi imene cimafuna madzi koposa. Tinasala kudya, tinapemphera usiku wonse wa Lacisanu. Madzulo mitambo inali kusonkhana, ife nkumathamangira kukaanula zobvala, koma mphepo inali kubwera ndi kuimwaza yonse.

Pa 29 Febuluwale 2024 tinamva pa wailesi Pulezidenti Hakainde Hichilema alikulengeza kuti cilala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Anati maboma 84 mwa maboma 116 a m'Zambia akhudzidwa, ndi kuti pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi aonongeka. Ife pa lima yathu tinakolola matumba atatu, pamene tinali kuyembekezera khumi ndi asanu.

Tsiku limene msungicuma wathu anawerenga lipoti lace sindidzaliiwala. Iye ndi mtsikana wosamala kwambiri, amene amalemba ngakhale ndalama ya macisi m'kabuku kace. Atatha kuwerenga zotayika, kunali zii. Pamenepo mnyamata wina wa Giredi 9 anaimika dzanja nafunsa kuti: "Nanga a Pulezidenti ati boma lidzathandiza anthu, ndalamazo lidzazitenga kuti? Ngati linali nazo, bwanji silinatimangire damu kale?" Mkulu amene anatibwereka munda uja anaseka nati: "Mwana wanga, ndalama za boma zilibe mwini. Zimagwa monga mvula ya masiku ano, pena kwa uyu, pena kwa uyo." Onse anaceukira kwa ine, popeza ndine ndinapita ku koleji. Ndinangoti tiyeni titseke ndi pemphero. Pobwerera kunyumba ndinacita manyazi, cifukwa mwana anafunsa funso labwino ndipo ine ndinabisala kumbuyo kwa pemphero.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunafuna yankho, ndipo coyamba cimene ndifuna kukuuzani ndi ici: ndalamazo mwini ali nazo, ndipo mmodzi wa eni ace ndi inu amene muwerenga. Mwina mudzati simunalembedwepo nchito, tsono msonkho mumalipira liti? Mukagula sopo, suga kapena batire la tochi m'sitolo, mkati mwa mtengowo muli msonkho wa VAT, umene ndi K16 pa K100 iriyonse. Mukagula mayunitsi a foni muli msonkho. Kuyambira mu Januwale 2024 potumizirana ndalama pa foni pamadulidwanso kamsonkho. Amene ali ndi galimoto amalipira ngakhale msonkho wa utsi, wochedwa carbon tax. Agogo anu amene sadziwa kulemba dzina lao amasonkha m'thumba la boma nthawi iriyonse akagula botolo la mafuta ophikira. Kusiyana kwace ndi copereka ca pa Sondo n'kwakuti apa palibe mbale imene imazungulira, conco sitizindikira kuti taponya.

Caka ciriconse, kawirikawiri ca kumapeto kwa Seputembala, Nduna ya Zacuma imaima m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka ndi kuwerenga m'mene boma lidzagawira ndalama za caka cotsatira. Imeneyo ndiyo bajeti. Ya 2025, imene a Situmbeko Musokotwane anawerenga mu Seputembala 2024, inali K217 biliyoni. Ciwerengero cotere mutu sucigwira, tsono tiyeni tiyerekeze kuti ndalama yonseyo ndi K100 imodzi m'kabuku ka msungicuma wathu. Pa K100 imeneyo, pafupifupi K25 inaikidwira kubweza nkhongole ndi ciongoladzanja cace. Yoposa K14 inaikidwira maphunziro, yoposa K10 zaumoyo, ndi pafupifupi K4 fataleza ndi mbeu za FISP. Mzere wolembedwa kuti kuteteza cilengedwe sunafike ngakhale K1.

Ndisakunamizeni, ndalama zolimbana ndi kusintha kwa nyengo sizikhala pa mzere umodzi wokhawo. Damu limalembedwa pa za madzi, mlatho pa za miseu, mlangizi pa za ulimi. Komabe taonani ici. Mu Epulo 2024 boma linati lifunika K23.5 biliyoni kuti lithandize anthu okhudzidwa ndi cilala. Ndalama imeneyo iposa kakhumi ija ya pa mzere wa cilengedwe ya caka cathunthu. Pakati pa caka Nduna inacita kubwerera ku Nyumba ya Malamulo ndi bajeti yoonjezera, ndipo nchito zina zimene zinakonzedwa zinayamba zadikira. Kumudzi timazidziwa zimenezi: munthu akadwala abale amati ndalama ya mankhwala palibe, koma akamwalira ndalama ya bokosi ndi ya ng'ombe yophera anthu pamaliro imapezeka tsiku lomwelo.

Akulu amati cakudza siciimba ng'oma, koma ici cinaimba. A zanyengo anali atacenjeza kale mu 2023 kuti kukubwera El Niño, ndiko kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikuru ya Pacific kumene kawirikawiri kumacepetsa mvula kuno kum'mwera kwa Africa. El Niño si wacilendo. Atate amasimba za cimanga cacikasu cimene anadya mu 1992. Cimene casintha n'cakuti dziko lonse lapansi latentha cifukwa ca utsi wa mafuta, wa malasha a pansi ndi kutha kwa nkhalango, ndipo 2024 cinaposa zaka zonse za m'mbuyo mwace zimene anthu analemba kutentha kwace. Pamene kunja kwatentha cotere, ng'amba ya masabata atatu imaumitsa nthaka msanga kuposa kale, ndipo mvula ikabwera imabwera yaukali. Anansi athu a ku Malawi anaziona mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana ndi kukokolola midzi ya kum'mwera kwa dzikolo. Tsono funso si lakuti kodi boma lidzaonongapo ndalama pa nyengo. Lidzaononga ndithu, lifune lisafune. Funso ndi lakuti lidzaononga liti, tsoka lisanafike kapena litapita.

Sindinyoza thandizo limene linabwera. Anyamata ndi atsikana ena a gulu lathu analowa nchito ya Cash for Work, yolandira K60 pa tsiku kwa masiku 10 pa mwezi, ndipo K600 imeneyo inagula unga m'nyumba zimene zikadagona ndi njala. Okalamba a Social Cash Transfer anaonjezeredwa ndalama. Amene sanagonepo ndi njala ndiye anganyoze zimenezi. Koma pamene ndinali kuona anzanga alikukwirira maenje a mumseu ndi dothi limene mvula yoyamba idzakokolola, ndinali kudzifunsa kuti manja omwewa, ndi ndalama yomweyi, zikadagwira nchito zaka zitatu zapitazo pocotsa mcenga m'madamu ang'onoang'ono amene anakwiririka, kodi madimba angati akadakhala obiriwira mu Ogasiti?

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandibvuta ine mwini, ya fataleza. Ndiyenera kulankhula mosamala, cifukwa ndinaphunzira sukulu ndi ndalama za cimanga ca FISP. Atate anali kupereka K400 kudzera ku kopaletivu, nalandira matumba 6 a fataleza ndi makilogalamu 10 a mbeu, ndipo cimanga cimene anagulitsa ku FRA ndico cinandilipirira koleji. Munthu akati pulogalamu imeneyi ithe mawa, ine ndidzakhala woyamba kukana. Inayamba mu 2002, ndipo m'zaka zapitazi yakhala ikufikira alimi oposa miliyoni imodzi pa caka. Mu bajeti ya 2025 inapatsidwa K9.3 biliyoni. Koma mu 2024 ndinaona ndi maso anga kuti fataleza wothira pa nthaka youma sathandiza kanthu, amangoocha mbeu. Dziko lonse linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni a cimanga, pamene caka ca m'mbuyo mwace linakolola oposa 3 miliyoni. Ndiye kuti mabiliyoni a msonkho wathu anakwiriridwa m'minda naumira momwemo, monga matumba athu awiri aja.

Amai ena a mumpingo mwathu, amasiye, analibe dzina ku kopaletivu. Anabzala mawere, kacamba ndi cinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo caka cimeneco ndiwo anali kugawira ena. Kodi boma silikadacotsa kagawo pa ndalama ya fataleza ndi kukaika pa mbeu zopirira, pa ulimi wothirira ndi pa alangizi, amene mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri? Ndinafunsa atate funso limeneli ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Iwe wakula ndi nsima ya cimanga, lero ufuna kundidyetsa mawere?" Apo ndinaphunzira kuti bajeti silembedwa ndi Nduna yokha. Aphungu amadziwa cimene ife timaombera m'manja pa msonkhano, ndipo timaombera fataleza. Sindinamvepo anthu akuimba nthungululu cifukwa ca malonjezo a nazale ya mitengo. Mwa njira, mufunse makolo anu ngati adziwa kuti mbali ina ya K400 ija ndi ya inshuwalansi ya nyengo, imene iyenera kulipira mlimi mvula ikabvuta. Ambiri amene ndinawafunsa anali kumva koyamba.

Pa phunziro la Baibulo la mwezi wotsatira ndinabwerera kwa mnyamata wa Giredi 9 uja ndi Genesis 41. Tonse tinaimva nkhani ya Yosefe ku Sande Sukulu, koma timakonda malaya ace ndi maloto, osaona kuti nchito imene Farao anampatsa inali ya msonkho ndi bajeti. Analangiza kuti m'zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri boma litenge limodzi mwa magawo asanu a dzinthu ndi kusunga m'nkhokwe za m'mizinda. Mulungu anapereka cenjezo, koma sanagwetse nkhokwe kucokera kumwamba. Panafunika akapitao, miyeso, ndi anthu olemba. Taganizani m'mene alimi a ku Igupto anadandaulira caka cacitatu, cacinai, akuona tirigu wao alikutengedwa pamene njala siioneka. Ndalama yokonzekera tsoka imawawa nthawi zonse, cifukwa imaperekedwa kunja kuli bwino.

Koma musalekere pa mutu 41. Mukawerenge ndi mutu 47, umene alaliki sakonda kuuwerenga. Njala itakula anthu anagula cakudyaco ndi ndalama zao, zitatha anapereka ziweto, zitatha anapereka minda, potsiriza anadzipereka okha kukhala akapolo a Farao. Tirigu anali wao womwe, koma analibe mau pa kagawidwe kace. Acinyamata athu anakangana kwambiri pa mutu umenewu, ena kuteteza Yosefe, ena kumutsutsa, ndipo ine sindinawaweruze. Ndinangowaonetsa kuti nkhokwe yodzala siikwanira ngati eni dzinthu safunsa amene asunga kiyi.

Nkhani ya mutu 47 siiri kutali ndi ife ngati dziko. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira nkhongole zace zakunja. Zinatenga kufikira mu Juni 2023 kuti maiko amene anatikongoza abvomere, ku Paris, kusintha kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni. Cilala citafika, bungwe la IMF linaonjezera ndalama zimene linali kutipatsa kucoka pa madola 1.3 biliyoni kufika pa 1.7 biliyoni, koma imeneyo ndi nkhongole, si mphatso. Mwaona m'mene cingwe cimazungulira? Nkhongole imadya ndalama imene ikadamanga madamu, cilala cikafika tiribe pogwira, tsono tikongolanso. Amene adzabweza ndi ife a zaka makumi awiri, pamodzi ndi ana athu.

Apa mtima umawawa, cifukwa utsi umene watenthetsa dziko sunafuke kwa Kapichila. Africa yense satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a utsi wa dziko lapansi. Maiko olemera anabvomera mlandu wao pang'ono: ku Copenhagen mu 2009 analonjeza madola 100 biliyoni pa caka pofika 2020, koma anafikitsa mocedwa, mu 2022, ndipo gawo lalikuru linali nkhongole. Ku Baku mu 2024 analonjeza madola 300 biliyoni pa caka pofika 2035. Munthu akaocha nkhokwe yako, kenaka nkukubwereka cimanga kuti udzabweze ndi ciongoladzanja, ku bwalo la amfumu mlandu wotere sungatenge ndi ola limodzi. Atsogoleri athu ayenera kupitiriza kulankhula ku misonkhano imeneyo, ndipo mipingo iwathandize. Koma ine ndi inu sitidzakwera ndege kupita ku Baku, ndipo ndaona kuti kukwiyira azungu akutali n'kosabvuta kuposa kupita ku msonkhano wa pa sukulu ya pafupi.

Zina mwa ndalama zakunja zafika kale kuno Kum'mawa. Kuyambira mu 2017 boma linayendetsa pulojekiti ya ZIFLP m'cigawo cathu ndi madola pafupifupi 33 miliyoni odzera ku World Bank, ya nkhalango ndi ulimi wosamala nthaka. Mu 2024 linasainanso pangano lakuti cigawo ca Kum'mawa cingalandire kufikira madola 30 miliyoni ngati cicepetsa kuononga nkhalango. Izi ndizo anthu amati ndalama za kaboni. A COMACO nawonso akhala zaka zambiri kuno ku Lundazi akuphunzitsa alimi kubzala gliricidia m'minda. Tsono mukamva kuti ndalama za kaboni zabwera m'dera la mfumu yanu, musaope kufunsa mwaulemu kuti zabwera zingati ndipo zagwira nchito yanji, pakuti amene analeka kudula mtengo ndi amai anu.

Ndipo kuleka kudula mtengo si nkhani yopepuka. Msuweni wanga amaocha malasha. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima m'matauni kufikira maola 21 pa tsiku, ndipo aliyense anathamangira mbaula. Thumba la malasha linakwera mtengo pa nthawi yomwe nkhokwe ya msuweni wangayo inali yopanda kanthu. Ndikadamlalikira ciani? Ana ace anadya cifukwa ca mitengo imene anagwetsa. Pamene boma liika ndalama pa magetsi a dzuwa, monga aja a mamegawati 100 amene anatsegulidwa ku Chisamba mu 2025, liteteza mitengo ya kuno kwathu kuposa ulaliki wanga uliwonse. Dziko limene magetsi ace ambiri acokera ku madzi limagwa kawiri mvula ikakana, kumunda ndi kumafakitale.

Tsopano ndiulule colakwa canga. Pali thumba limodzi la boma limene liri pafupi ndi ife kuposa onse, ndilo CDF, ndalama ya citukuko ca dera la phungu aliyense. Kufikira mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa caka. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2024 inali K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Gawo lina ndi la mabasale a ana a sukulu ndi a maluso, lina ndi la magulu a acinyamata ndi amai, koma lalikuru ndi la nchito zimene anthu eni ace asankha. Zimayambira pa msonkhano wa m'midzi, zipita ku komiti ya citukuko ya wadi, imene timati WDC, kenaka ku komiti ya CDF ya dera lonse. Mu 2022 ndi 2023 uthenga wa misonkhano imeneyi unali kulengezedwa m'chalichi mwathu momwe, nthawi zina ndi pakamwa panga pomwe, koma sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinali kunena kuti zimenezo ndi ndale, ndipo tsiku lace limagundana ndi kwaya.

Cimanga citapsa tinapita, anthu khumi ndi awiri, titabvala bwino. Pempho lathu linali la mjigo wa sola ndi thanki, kuti acinyamata tilime dimba m'cilimwe ndi kusunga nazale ya mitengo. Ndinalankhula bwino ndithu, ndinachula El Niño ndi Copenhagen yemwe. Nditakhala pansi, wapampando anandifunsa mafunso atatu mofatsa: "Malo ace ndi a yani? Mabanja angati adzamwa madziwo? Pampu ikaonongeka adzakonza ndani, ndi ndalama iti?" Ndinalibe yankho ngakhale limodzi.

Pambuyo panga anaimirira amai acikulire, opanda pepala m'manja. Anapempha nyumba yodikiriramo amai apakati pa kiliniki, nasimba za mpongozi wao amene anacirira pa ngolo usiku, pakati pa njira, mwana osakhala moyo. Anthu anasankha nyumbayo. Ndinabwerera ndiri wokhumudwa, koma pofika kunyumba ndinadziwa kuti nanenso, ndikadakhala wosankha, ndikadaimika dzanja pamodzi nao. Ici ndico cimene mabuku a ku koleji sanandiphunzitse bwino: ndalama ya nyengo siipikisana ndi zinthu zopusa. Imapikisana ndi desiki la mwana, ndi mankhwala, ndi mai wapakati. K36 miliyoni ya mu 2025 imamveka yambiri pa wailesi, koma ikagawidwa m'mawadi onse a dera, zosowa zimaposa ndalama kutali. Amene afuna kuti mjigo upambane ayenera kuonetsa kuti madzi omwewo adzafika ndi ku kiliniki, ndi kuti mwana wodya ndiwo za kudimba sadwaladwala.

Ena mumpingo anandicenjeza kuti ndisalowetse acinyamata m'ndale. Ndimawalemekeza, ndipo ndibvomera kuti gulu la mpingo lisasanduke la cipani. Pagulu lathu pali ana a mabanja a zipani zosiyana, ndipo cobvala ca cipani siciloledwa pa msonkhano wathu. Koma taonani m'mene timacitira ndi copereka. Sondo iriyonse mlembi amawerenga ndalama imene yalowa, ndipo K20 ikasowa akuluakulu amakhala pansi mpaka dzuwa kulowa. Palibe amene amati kumeneko ndi kusakhulupirira Mulungu. Nanga bwanji Akristu omwewo, ofunsa za K20, timakhala cete pa K36 miliyoni ya mu 2025? Mu Nehemiya 5 anthu anadandaula kuti cifukwa ca njala ndi msonkho wa mfumu anapinyolitsa minda yao, ndipo Nehemiya sanawauze kuti zimenezo ndi ndale. Anaitanitsa msonkhano waukuru. Kupemphera sitinaleke, ndipo sitidzaleka. Timapempherera mvula, timapemphereranso a khansala, kenaka timapita kukawafunsa.

Ngati gulu lanu lifuna kuyesa, musacite monga tinacitira ife poyamba. Dziwani dzina la khansala wanu ndi la amene aimira midzi yanu mu WDC. Funsani tsiku la msonkhano ndipo kwaya isinthe tsiku lace. Pitani ndi kalata ya malo yocokera kwa amfumu, maina a mabanja amene adzapindula, ndi mitengo ya zipangizo yolembedwa ndi ogulitsa. Ngati mufuna thandizo la gulu la acinyamata, gululo liyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi akaunti ku banki, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, conco yambani msanga. Nchito ikabvomerezedwa, pitani mukaione pomangidwa, muwerenge matumba a simenti. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ife tinabwererako caka cotsatira. Amfumu a mudzi anatipatsa malo pafupi ndi kiliniki, ndipo anadinda kalata. Msungicuma wathu anayenda khomo ndi khomo ndi kabuku kace nalemba mabanja 63, ndipo banja lirilonse linabvomera kusonkha K10 pa mwezi ya kukonzera pampu. Amene anaimirira kulankhula sindine, koma mnyamata uja wa funso, ndipo sanachule Copenhagen. Mkulu amene anati ndalama za boma zilibe mwini anabwera nafe, ati kudzaona cabe, koma pa nthawi yosankha ndinaona dzanja lao liri m'mwamba. Pempho lathu linalowa pa mndandanda wa wadi, pa nambala yacitatu, kumbuyo kwa cipinda ca sukulu ndi kamlatho. Kaya ndalama idzafika pa nambala yacitatu, tidzaona.

Mvula ya 2025 inagwa bwino, dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, ndipo ambiri aiwala kale. Ena pagulu ayambanso kufunsa za mayunifomu. Nazale tinayamba ndi manja athu osadikira mjigo, mbande 400 za gliricidia ndi msangu m'timapepala ta suga. Mbuzi za oyandikana nao zinadya 40 tisanamange mpanda. Zotsalazo timathirira ndi madzi otunga kudambo pa mitu, mtunda wa mphindi makumi awiri, ndipo tinagawana masiku monga mwa mau a kwaya. Loweruka lino ndi la a alto, ndipo awiri atumiza kale uthenga kuti adwala mutu.